Lipenga Linalila pa Manda a Mapalo

Abale ndi alongo, moni kwa nonse m'dzina la Ambuye. Amene alankhula ine ndisanaimilile, wina wanena za mowa, wina za kubetcha pa mpila, ndipo ndinaona mitu ikugwedela chifukwa zimenezo mumazidziwa. Zanga mwina museka. Sekani, palibe mlandu, inenso kale ndikanaseka. Chimene chinandigwetsa ine ndi gemu ya pafoni, ya tiakavalo ndi timalinga, zinthu zoti sungazigwile ndi dzanja. Koma munthu amene ndinamulasa nayo ndi munthu weniweni, ndipo bala lake mpaka lelo silinapole.

Ndine Gidiyoni Daka. Kwathu ndi kwa Kalindawalo konkuno, koma ndimakhala ku Nyimba, kumene ndili ndi kashopu ka zitsulo za njinga m'mbali mwa msewu waukulu. Ndili pabanja ndi amake Tisa, ali apo akhala kumbuyoko, ndipo andiloleza kuti ndinene zonse.

Kwa amene simunaionepo gemu imeneyi, imayenda chonchi. Aliyense amapatsidwa kamudzi kake pafoni, ka nthawi zamakedzana, za mafumu ovala zisoti zachitsulo. Umalima tiligu, umadula mitengo, umaswa miyala, umamanga linga kuzungulila mudzi, kenako umaphunzitsa asilikali: a mauta, a mikondo, a pa akavalo, ndi makina oponya miyala ogumulila malinga. Anthu ena enieni, okhala kwina, nawonso ali ndi midzi yawo pa dziko lomwelo. Mumapanga magulu, n'kumathilana nkhondo. Choipa chake n'chakuti gemuyo sigona. Ukaika foni pansi kuti usambe, pobwela upeza wina wakuotchela nkhokwe.

Amene anandionetsa ndi Mulenga, mphunzitsi wochokela kumpoto, Mubemba, amene boma linamutumiza kudzaphunzitsa ku Nyimba. Tsiku loyamba anabwela pashopu kudzagula tcheni cha njinga, ndipo asanapeleke n'komwe moni anandifunsa ngati mbewa ndimagulitsa zouma kapena zaziwisi. Ndinamuyankha kuti mbewa zilipo, koma anyani amene amadya kwawo atha, abwele mailo, ndiye kuti mawa. Tinaseka mpaka makasitomala ena kudabwa, ndipo kuyambila pamenepo anakhala mbuya wanga. Mukudziwa nonse mmene chimbuya chathu ndi Abemba chimakhalila. Mumanyozana poyela, palibe wokwiya, palibe wokasuma. Koma mbali yake ina ndi yolema. Mbuya wako akafeledwa, iwe ndiwe wotola nkhuni, wokumba manda, wonyamula bokosi, ndipo ndiwe wekha wololedwa kumuseketsa pamene ena onse akulila. Mulenga ku Nyimba analibe m'bale aliyense kupatula mkazi wake ndi kamwana kawo kakakazi, Mapalo. M'bale wake ndinali ine.

Tinapanga gulu la anyamata a ku Nyimba ndi a kuno ku Petauke, aphunzitsi, a m'mashopu, a m'maofesi. Mtsogoleli anali Mulenga, ine ndinali mkulu wa nkhondo. Ndipo magulu onse a dela lathu lino tinapangana lamulo limodzi: munthu amene ali ndi malilo kapena wodwala kuchipatala, mudzi wake sukhudzidwa, olo akhale mdani wako.

Kukangana kwathu kunayamba ngati kosangalatsa. Mulenga anali munthu wa linga. Iye ankati manga poyamba, dzaza nkhokwe, mdani abwele yekha adzathyokele mano pa miyala yako. Ine ndinali munthu wa akavalo. Ndinkati mdani umenye akali kumanga, matope ake asanaume. Loweluka lililonse tinkayala manati ndi mabawuti pa kauntala yanga, uyu ndi mtsinje, ili ndi linga, awa ndi a mauta, n'kumatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Iye ankati ndimamenya nkhondo ngati munthu wothamangitsa nkhuku. Ine ndinkati amamanga ngati munthu woyembekeza penshoni.

Loweluka lina anabwela ndi Mapalo. Mwanayo anakhala pamiyendo pa atate ake, n'kulanda foni, n'kuyamba kusuntha zinthu ndi kachala kake. Minda ya tiligu anaitulutsa kunja kwa linga, kumbali ya mtsinje. Anadzala mitengo pamene panayenela kukhala nsanja ya alonda. Chipata anachiika komweko, ati akavalo azikamwa madzi pafupi. Ndinauza Mulenga kuti akonze msanga, chifukwa mbali yonseyo yatsala yotseguka.

"Awe mune," anakana m'Chibemba akuseka, "uyu ndiye injiniya wanga. Zikhale momwemo."

Ndipo anazisiyadi momwemo. Munthu wakutali sakanadziwa kuti kumtsinjeko kulibe nsanja. Amene ankadziwa ndi ine ndekha, chifukwa ndinaona ndi maso anga.

Chimene chinatigawanitsa ndi nkhondo yolanda linga la mfumu, lalikulu la pakati pa dziko, limene linali m'manja mwa gulu la anthu akunja, oti chilankhulo chawo sitinkachimva n'komwe. Tinakonzekela miyezi. Pangano linali lakuti akavalo anga apelekeze makina oponya miyala mpaka afike pa linga, agumule, kenako tonse tilowe pamodzi. Ine nditaona kuti chipata chimodzi chili ndi alonda ochepa, mtima unandithamanga. Ndinasiya makina panjila, n'kuthamangitsa akavalo, ndipo anyamata ambili ananditsatila. Unali msampha. A mauta anali kubisala kuseli, anatimaliza tonse, kenako anatuluka n'kukaotcha makina amene ndinawasiya opanda mlonda. Ntchito ya gulu lonse inathela pamenepo.

Mulenga anandichotsa pa udindo. Sanakalipe, analemba chabe pa gulu kuti wakudya mbewa apumuleko, akalonde nkhokwe. Onse anaseka. Chinali chimbuya, ndipo analondola. Inenso ndinatumiza kankhope koseka, koma m'kati ndinali nditapsa. Pasanapite nthawi ndinatuluka m'gululo, n'kutenga amene ankandikonda, tinakaphatikana ndi Sakala, kondakitala wa minibasi ya pakati pa Petauke ndi Nyimba, amene anali ndi kagulu kake. Cholinga changa chinali chimodzi chabe, kugwetsa linga la Mulenga kuti aone kuti akavalo amaposa miyala.

Kuchokela pamenepo kutsetseleka kunali kwachangu. Kasitomala ankaima pa kauntala akufunsa chubu, ine maso pafoni, mpaka ankapita pashopu ina. Phindu la katundu linkathela ku mabandulo a intaneti. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi chitseko kuti ndizituluka kukasuzumila. Amai anga ataitana kuti tikakumbe nshawa, mtedza uja, kumudzi, ndinatumiza amake Tisa ndi ana okha, n'kunama kuti ndili ndi oda, chikhalilecho ndinkaopa kuti kumundako kulibe netiweki. Amake Tisa ankalankhula nane ine n'kumangoti "ehe, ehe," osamva chilichonse. Ndipo nthabwala zanga kwa Mulenga zinamela minga. Ndinkamunyoza pa gulu za umphawi wa aphunzitsi, za njinga yake yakutha, za kamnyumba kake ka pasukulu, ndikudziwa bwino kuti sangayankhe mokwiya chifukwa ndi chimbuya. Mwambo umene makolo anatisiyila kuti uzitigwilizanitsa, ine ndinabisalamo kuti ndizimubaya. Iye ankabwelabe pashopu, kuseka kwake kokha ndi kumene kunachepa.

Tinamuthila nkhondo kangapo, tinalephela. Akakhala pafoni, ankadziwa kutchinga mbali ya kumtsinje ija ndi asilikali. Akachoka, ankayatsa chishango. M'gemumo muli chinthu chimenecho, ukachiyatsa palibe angakukhudze, koma chimazima chokha pakapita nthawi, ndipo mwini wake ayenela kuchiyatsanso.

Chakumapeto kwa mvula, Mapalo anadwala malungo. Anamugoneka kuchipatala, ndipo sanatulukemo wamoyo.

Musaganize kuti sindinapite. Ndinapita, ndinali woyamba kufika. Ndinatseka shopu, ndinakatola nkhuni, ndinamanga tenti, ndinayenda m'makomo kubweleka mabenchi. Amake Tisa anali kumoto ndi azimai anzawo. Aliyense woona ankati Mulenga ali ndi mbuya weniweni. M'mawa wa tsiku loika malilo ndinatenga piki ndi fosholo, n'kutsogolela anyamata kumanda.

Apa ndilankhule pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndimafuna kuthamanga nthawi zonse.

Titakumba mpaka m'chiuno, ndinatuluka m'dzenje kuti wina alowe. Foni inanjenjemela m'thumba. Ndinapukuta matope pa buluku, n'kupita kuseli kwa chulu. Anali Sakala. Analemba kuti chishango cha aticha chazima, anyamata onse ali okonzeka, akudikila ine. Ndinamuyankha kuti kuli malilo. Iye anati, "Mailo adzayatsanso, mdala. Manje ni manje. Gemu ilibe malilo."

Sindingamunamizile Sakala. Iye Mapalo sankamudziwa, ndipo njila ya kumtsinje sankaidziwa. Akanapita okha akanathyokela pa linga monga kale. Amene anali ndi kiyi ndi ine. Ndinaima kuseli kwa chulu chija ndikumva piki ikugunda pansi, ndipo mutu wanga unayamba kundipatsa zifukwa, zonse zooneka bwino. Ndi gemu chabe. Mulenga lelo foni saigwila, adzaona pakapita masiku, mtima utakhala pansi. Ndi mbuya wanga, ndidzamuuza kuti anyani ake anagona pa ulonda, tidzaseka. Ndipo pansi pa zifukwa zonsezo panali chenicheni: ndinkafuna kupambana, ndipo ndinkadziwa kuti munthuyu ali maso sindingamuthe.

Ndinalemba kuti onse alowele kumtsinje, kumene kuli minda ya tiligu. Ndinasankha akavalo anga onse. Ndinadina.

Asilikali a m'gemumo safika nthawi yomweyo. Amayenda, ndipo mudzi wa Mulenga unali kutali ndi wanga. Nthawi yonse imene akuyenda, pali batani lowabweza. Mumve bwino pamenepo, abale. Sichinali chinthu cha kamphindi kamodzi choti ndinganene kuti Satana anandiphimba m'maso. Ndinabwelela m'dzenje, ndinakumba, ndinasalaza m'mbali, ndinamwa madzi, ndinachezako ndi anyamata, foni ili m'thumba ikundigunda pa ntchafu. Nyimbo zitayamba kumveka kumsewu, ndinaganiza zowabweza. Ndinayang'ana manja anga, ndinati ali ndi matope, ndidetsa foni.

Anthu anafika. Panali kuchedwa pang'ono chifukwa amai ake a Mulenga anali akali m'njila kuchokela kumpoto, basi yawo inawonongeka. Ndiye chifukwa chake Mulenga, amene ndinkati foni saigwila, anali ataigwila m'manja, atakweza mawu mpaka pamapeto kuti amai ake akaimba asaphonye. Titadikila, abusa anati dzuwa lakwela, tiyeni timugoneke mwana. Monga mbuya, amene anatsikila m'manda kukalandila bokosi ndi ine.

Kabokosi kake kanali kopepuka, abale. Anandipatsila, ndinakalandila ndi manja awili, ndinawelama kuti ndikaike pansi. Nyimbo inali itatha, abusa asanayambe pemphelo, ponse pali zii. Pamenepo lipenga linalila.

Ndinali nditaiwala. Mdani akafika pa chipata chako, gemu imaliza lipenga pafoni, lalitali, lankhondo. Linalila m'manja mwa Mulenga, pamutu panga penipeni. Iye anayang'ana msanga poganiza kuti ndi amai ake. Foni imaonetsa dzina la amene akutsogolela nkhondo. Anawelenga. Kenako anatsitsa maso n'kundiyang'ana ine m'dzenjemo, manja anga akali pa bokosi la mwana wake. Anazimitsa foni n'kuiika m'thumba la jekete.

Ndinamva kung'ung'udza pakati pa anthu. Mai wina wachikulile ananena mokweza ndithu kuti anthu a masiku ano olo pamanda a mwana wawo sangasiye zoseweletsa. Amake Mapalo, amene ankalidziwa bwino lipengalo chifukwa ankalimva kunyumba, anatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wawo. Manyazi amene anali anga anagwela iye, ine ndili m'dzenje, wooneka ngati munthu wabwino. Anyamata anachita kundikoka kuti ndituluke.

Titabwelela kunyumba ya malilo n'kusamba m'manja, ndinamuyandikila Mulenga. Ndinayesa kuyamba ka nthabwala. Iye anaimilila, n'kundigwila dzanja ndi manja ake onse awili, mmene timachitila ndi mlendo wolemekezeka.

"Zikomo kwambili, bambo Daka, pa ntchito mwagwila lelo," anatelo. "Mulungu akudalitseni."

Chiyambile kudziwana kwathu anali asananditchulepo kuti bambo. Akanandimenya mbama pamaso pa anthu, ndikanapeza pogwila.

Pali chinthu china chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse. Pobwelela kunyumba, panjila, ndinatsegula foni. Anyamata anali kukondwela, kunditamanda kuti ndine mfumu ya akavalo. Ndipo kwa kanthawi ndinamva kukoma. Inde, ndinamva. Kenako ndinayang'ana pamene panali mudzi wa Mulenga. Mudzi ukagwa, gemu imamutaya mwini wake kwina kuti akayambenso, ndipo zonse zimene anayala zimafafanizika. Kumtsinje kuja kunali phulusa.

Masiku otsatila ndinakhala chete. Mphekesela inayenda m'Nyimba monse kuti mphunzitsi uja ankasewela gemu poika mwana wake. Azimai ankanena kumsika, makolo a ana a sukulu ankanena. Amake Tisa nawonso ananena kunyumba kuti aticha achititsa manyazi, ine n'kungoti "mm." Mulenga ankadutsa pashopu pa njinga, n'kukweza dzanja mwaulemu, osaima. Sanauze munthu aliyense.

Chinandithyola ndi tsiku limene azibambo awili anaima pa kauntala yanga akugula mabuleki, n'kumakambilana kuti munthu wotele sayenela kuphunzitsa ana awo, ndipo akapita kukaonana ndi akulu a sukulu. Mmodzi anandifunsa kuti inu a Daka, popeza ndi mbuya wanu, simunamulangize bwanji? Ndinawapatsa katundu wawo. Atangochoka ndinatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kupita kunyumba. Ndinapeza amake Tisa akuanika zovala, ndinawauza zonse nditaimilila pomwepo.

Anakhala pa ndowa yovundikila. Kenako anati, "Nkhani iyi si ine wokukhululukilani. Amake Mapalo akugona moyang'ana kukhoma poganiza kuti mwamuna wawo alibe mtima. Muyambile kumeneko."

Manje ndinene zimene ndinachita, mwina wina pano zimuthandiza. Kufufuta gemu pafoni sikokwanila. Ndinali nditachitapo kale zimenezo amake Tisa atadandaula, ndipo pofika madzulo ndinali nditaibwezeletsa, mudzi wanga n'kuupeza uli chilili ukundidikila. Ulendo uno ndinayamba ndalemba pa magulu onse awili, ndi mawu anga, kuti ndine ndinaswa lamulo la malilo, ndine ndinaulula njila ya kumtsinje, ndipo ndinachita zimenezi ndili kumanda. Ena anandinyoza, ena anatuluka m'gulu, Sakala anati ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Kenako, amake Tisa akuona, ndinamwaza asilikali onse n'kufafaniza mudzi wanga wonse kuti pasakhale pobwelela. Foni yaikulu ndinawapatsa amake Tisa. Ine ndinatenga aka ka mabatani, mukukaona aka, kamene kamangoimba ndi kuunikila.

Sizinali zopepuka. Masabata oyamba dzanja linkapita lokha m'thumba. Basi ikaliza hutala pamsewu, mtima unkadumpha ngati ndi lipenga. Nthawi yoopsa inali masana, shopu ikakhala zii. Ndinaona kuti manja opanda ntchito ndi amene ankandipeleka, ndiye ndinatulutsa pampu ndi masipanala panja n'kuyamba kumata machubu ndi kuwongola malimu a njinga ndekha, ntchito imene kale ndinkaikana kuti ndi ya ana. Ndipo ndinauza a Njobvu, mkulu wa mpingo wathu, kuti azindifunsa maso ndi maso Sabata lililonse ngati ndagwilako foni ya munthu wina. Tsiku lina ndinagwiladi, ya kasitomala, kungoti ndione mmene dziko lija likuyendela. Ndinawauza. Kukhala ndi munthu woti ukamuuze kumathandiza kuposa kulumbila wekha.

A Njobvu omwewo ndi amene anandipelekeza kwa Mulenga. Tinakhala pakhonde, ine ndinakana mpando, ndinakhala pansi. Ndinapempha kuti amake Mapalo akhalepo. Ndinanena zonse, kuyambila kuseli kwa chulu mpaka batani limene sindinadine. Maiwo anandiyang'ana ngati sakundidziwa, kenako anatembenukila kwa mwamuna wawo n'kumufunsa chifukwa chake sananene masiku onsewa, akumusiya iye akumuganizila zoipa.

"Ndikanati chani?" anatelo Mulenga. "Kuti amene analandila mwana wathu m'manda ndi yemweyo? Ndinati bola uzikwiyila ine."

Maiwo analowa m'nyumba akulila. Ine ndinayamba kunena kuti ndidziwa kuti ndi gemu chabe koma ndinalakwa, ndipo Mulenga anandidula.

"Gemu ndinali nditaisiya kale mumtima, bambo Daka, tsiku limene tinalowa m'chipatala. Linga mukanatenga, ndikanakupatsani. Koma minda ija anaika ndi chala chake. Mitengo ija anadzala yekha. Ndinkafuna ndizitsegula nthawi zina, ndizingoona."

Zovala za mwana zimatsala, zithunzi zimatsala, koma chinthu chimene mwanayo anapanga yekha, mmene anafunila, chinali chimenecho, ndipo ndinachiotcha ine amene ndinalipo pochipanga.

Sabata lotsatila ndinaimilila m'tchalitchi ku Nyimba monga ndaimililamu, ndinayeletsa dzina lake. Ndinapita kwa azibambo awili aja, ndinapitanso kwa akulu a sukulu. Mphekesela inatembenuka n'kugwela mwini wake, ndipo makasitomala ena mpaka lelo sagula kwa ine. Zimenezo n'zoyenela. Kunyumba zinthu zinayamba kubwelela. Ana anazolowelanso kuti atate awo akafunsidwa amayankha. Chaka chino nshawa za amai ndinakumba ndekha.

Koma chimbuya sichinabwelele. Tikakumana, Mulenga ankandipatsa moni wabwino, kufunsa za ana, n'kupitilila. Poyamba ndinkafuna kumukakamiza, kumutumizila anthu, kumugulila zinthu. A Njobvu anandiletsa. Anati kufuna kukhululukidwa msanga ndi dyela lomwe lija lofuna kupambana, langovala malaya ena. Ndinasiya.

Chaka chisanathe Mulenga anapempha kuti amusamutsile kwawo, ndipo anamulola. Sanandiuze, ndinamva kwa ena. Tsiku lonyamuka ndinapita pa siteshoni ndi njinga yanga, ndinathandiza kukweza matumba ndi matilesi, iye sanandiletse. Amake Mapalo analowa m'basi osandiyang'ana. Iye anatsalila panja mpaka kondakitala atayamba kuitana. Anayang'ana kumbali ya kumanda, kenako anayang'ana ine.

"Bambo Daka, mwana wanga atsala kuno," anatelo. "Ku Nyimba kulibe wanga aliyense. Mvula ikagwa, udzu umela."

Ndinati ndidzalimila.

"Musaganize kuti ndakukhululukilani. Mwina tsiku lina, sindidziwa. Koma ndinu munakumba. Mudziwa pamene ali."

Anakwela, basi inapita.

Ndimapita, abale. Udzu ukangoyamba kutalika ndimatenga khasu, kafoni aka ndimasiya kunyumba. Ndikamaliza ndimamutumizila uthenga kuti pali poyela, ndipo iye amayankha mawu amodzi, zikomo. Ngati pali wina pano amene chinthu chake chili panjila, chikuyenda, ndipo akali ndi mpata wochibweza, asayang'ane kuti manja ali ndi matope. Pomaliza, mukamapemphela, muyambe ndi Mulenga ndi mkazi wake. Ine mundiike pambuyo.